Abusa atiuza woti timuvotere: kodi ndikakana ndachimwa?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa amayi ena a ku Chawama, ogulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Mwana wawo ndiye anawalembera pafoni. Akuti kutchalitchi kwawo kunabwera munthu wofuna uphungu, anagwada kutsogolo, abusa anamusanjika manja n'kuuza mpingo kuti ameneyu ndiye wosankhidwa ndi Mulungu. Potuluka, mayi aliyense analandira chitenje. Kunyumba nako amuna awo akuti wako ni wako, tivotere wa kwathu kum'mawa. Funso lawo ndi lakuti: ine monga Mkhristu ndimvere ndani, ndipo ndikapanda kumvera abusa, ndachimwira Mulungu?

Amayi, simunachimwe, ndipo simudzachimwa. Abusa anu anapatsidwa udindo wokuphunzitsani Mawu, ndipo pa zimenezo muziwalemekeza. Koma voti ndi yanu. Mukalowa m'kachipinda kovotera kaja mumakhala nokha ndi cholembera, palibe abusa, palibe amuna anu, ndipo amene akuona pamene mukuchonga ndi Mulungu yekha. Choncho ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti chikhulupiriro chanu chikutsogolereni. Chimene ndikukana ndi chakuti kugwada kwa munthu wandale pa guwa kukhale umboni wokwanira.

Ife a ku Zambia tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Pa 29 December 1991, a Frederick Chiluba anaimirira ku State House n'kulengeza kuti dziko lino ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira pamenepo, pafupifupi aliyense wofuna mpando amatchula dzina la Yesu pamsonkhano. Ngati onse akupemphera, pemphero lokha silingakuthandizeni kusiyanitsa. Ndipo kumbukirani kuti mu 2001, pamene panamveka zosintha malamulo kuti a Chiluba omwewo aimenso kachitatu, amene anakana anali mabungwe a mipingo: mabishopu a Katolika, mipingo ya CCZ ndi ya EFZ, pamodzi ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu mgwirizano wotchedwa Oasis Forum. Akhristu anauza Mkhristu mnzawo kuti ayi. Sanachimwe. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1991, mipingo yomweyo ndiyo inakhazika pansi a Kaunda ndi a Chiluba ku Cathedral of the Holy Cross kuno ku Lusaka kuti amvane chisankho chisanafike. Mpingo unatha kuchita zimenezo chifukwa mbali zonse ziwiri zinkaukhulupirira. Mpingo umene wavala chitenje cha chipani chimodzi sungayanjanitse aliyense.

Nanga Baibulo limati tiyang'ane chiyani mwa mtsogoleri? Anthu ambiri amathamangira pa Eksodo 18:21, pamene Yetero analangiza Mose kuti asankhe anthu odziwa ntchito, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi phindu lachinyengo. Ndime yabwino, koma ife timangotolapo "oopa Mulungu" n'kusiya zitatu zinazo, ngati kuti munthu angaope Mulungu uku akudya ziphuphu.

Ine ndime imene imandigwira mtima ndi Yeremiya 22, ndipo ndikupemphani kuti mwana wanu akuwerengereni kuyambira vesi 13 mpaka 17. Mfumu Yehoyakimu inali kumanga nyumba yaikulu ya zipinda zam'mwamba, ya matabwa a mkungudza, yopakidwa utoto wofiira, koma antchito osawalipira. Mulungu anaikumbutsa za bambo ake, Yosiya, amene ankaweruza mwachilungamo mlandu wa wosauka ndi waumphawi. Kenako Mulungu anafunsa ngati kumudziwa Iye si kumeneko. Taonani, amayi. Pofuna kuonetsa mfumu yomudziwa, Mulungu sanawerenge nsembe zake kapena mapemphero ake. Analoza mmene inkachitira ndi anthu onga inu ndi ine. Muyeso umenewu ndi umene ndimalowa nawo m'kachipinda kovotera.

Muyesowu umagwira ntchito pa zinthu zimene mumaziona tsiku lililonse. Kumayambiriro kwa 2024, kolera itavuta mu Lusaka mpaka odwala kugonekedwa ku Heroes Stadium, ndinathandiza kunyamula mnansi wanga usiku, tikuponda madzi akuda ofika m'maondo chifukwa ngalande ya m'dera lathu inali itatsekeka ndi zinyalala kwa zaka. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma usiku umenewo ndinakumbukira kuti mu 2021 tinapatsidwa mapepala anayi ovotera, la pulezidenti, la phungu, la meya ndi la kaunsala, ndipo ine pa la kaunsala ndinangochonga chizindikiro cha chipani, munthuyo osamudziwa n'komwe. Tchimo langa linali limenelo, ulesi. Kuyambira 2022 ndalama za boma zotukulira madera, zotchedwa CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zakhala zikukwerabe. Ndalama zimenezi zikudutsa pafupi ndi khomo lanu. Munthu amene anagwada kutchalitchi kwanu uja, mufunseni za zimenezi. Ngati anakhalapo kale pa udindo, anasiya chiyani? Antchito ake amawalipira? Anyamata amene amamutsatira amamenya anthu pamsika kapena ayi? Akamalankhula za mitundu ina, amalankhula bwanji? Ambuye Yesu anati mtengo udziwika ndi zipatso zake, ndipo makolo athu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Za wako ni wako sindichulutsa mawu. Ine ndine wa ku Katete, ndipo mawu amenewa ndinakula ndikuwamva. Koma pa Mgonero wa Ambuye timamwera chikho chimodzi ndi Atonga, Abemba ndi Alozi. Sindingathe kumutcha munthu m'bale Lamulungu n'kumukana Lachinayi la chisankho chifukwa cha dzina la bambo ake. Auzeni amuna anu mwaulemu, mutawapatsa madzi osamba ndi nsima, kuti wakuba wa kwathu ndi wakuba ndithu.

Chitenje chija ndicho chandivutitsa maganizo. Ndikudziwa kuti pali ena amati landira, idya, koma m'kachipinda uchite zako. Sindikuweruzani, chifukwa ndikudziwa mtengo wa thumba la ufa, ndipo ndaona amayi akugula kapamela kamodzi kodyetsa ana asanu. Koma Deuteronomo 16:19 imachenjeza kuti chiphuphu chimachititsa khungu ngakhale anthu anzeru. Munthu ukalandira, mtima umayamba kumva ngongole, ngakhale pakamwa ukukana. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mbale imodzi ya mphodza, ndipo njala yake inali yeniyeni. Ngati chitenjecho mwachilandira kale, musadzizunze nacho, koma dziwani mumtima kuti simunalonjeze kanthu, ndipo chikabweranso china mungathe kunena kuti zikomo, ndili nacho.

Mwina mudzapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe wokwanira pa muyeso wa Yeremiya. Zimachitika. Musakhale pakhomo chifukwa cha zimenezo. Sankhani amene ali pafupi ndi chilungamo kuposa anzake, ndipo amene adzapambane, kaya ndi wanu kaya si wanu, mudzamupempherere monga 1 Timoteo 2 ikutiuzira. Mudzaonanso kuti mlongo amene mumakhala naye benchi limodzi wawerenga Baibulo lomwelo, wapemphera, koma wavotera wina. Musaleke kumupatsa moni.

Kwa abusa anu, pitani nokha pakati pa sabata, osati pagulu. Afunseni modzichepetsa kuti akuonetseni zipatso zimene aona mwa munthuyo, komanso ngati ofuna mpando a zipani zina akabwera adzawalandira chimodzimodzi. Mbusa wabwino sakwiya ndi funso lotere. Pakali pano sungani bwino chitupa chanu cha NRC ndi khadi lovotera, chifukwa popanda ziwirizi sadzakupatsani pepala, ndipo mukaonana ndi abusa, muuze mwana wanu andilemberenso zimene ayankha.