Funsani Tikuyankheni: Aulumali akutithawa ku sukulu ya kwacha

FUNSO: Zikomo akonzi. Kumpingo kwathu ku Rosettenville, ku Joni, tinatsegula sukulu ya kwacha Loweruka masana, yophunzitsa Amalawi anzathu kuwerenga, masamu ndi Chingerezi chofunira ntchito. Tinalembetsa bambo woyenda pa njinga ya olumala, mayi wosamva ndi mnyamata wachialubino, koma mwezi usanathe onse anasiya. M'thumba mulibe zambiri. Tiyambire pati? Ndine mlembi wa komiti.

YANKHO: Alembi, musanagule thumba la simenti, ayendereni atatuwo aliyense payekha, muwafunse chimene chinawabweza. Makomiti ambiri amangoganiza za masitepe, chonsecho munthu anasiya chifukwa chimbudzi sichilowereka ndipo amachita manyazi kunena.

Za masitepezo, pafunika rampu, njira yotsetsereka yokwererapo njinga ya olumala, ndipo muyezo wake ndi uwu: pa sentimita iliyonse yokwera, rampu italike masentimita 12. Sitepe ya masentimita 15 ikufuna mita 1.8, masitepe atatu otere mamita 5.4. Malamulo a zomangamanga a kuno, SANS 10400-S, salola yotsetsereka kuposa pamenepa. Thabwa lalifupi longotsamiritsa pakhomo ndi msampha, chifukwa mawilo akutsogolo amadzuka, njinga n'kugwa chagada. M'lifupi pasachepere mita 1.1, m'mbali mukhale kampanda koletsa wilo kuphonya, ndipo simenti musaisalaze kwambiri, mvula ya kuno ku Joni imaterereka. Ngati holoyo ndi ya lendi, n'kwapafupi kusamutsira kalasi m'chipinda chapansi. Zoti anyamata azinyamula bamboyo ngati thumba la chimanga zisiyeni. Ameneyo ndi munthu wamkulu, sabweranso.

Tengani tepi muyeze zitseko zili chitsegukire, cha kuchimbudzi chomwe. Mpata usachepere masentimita 75. Desiki yolumikiza ndi benchi siithandiza, mupezereni tebulo loti mawondo alowe pansi pake, masentimita pafupifupi 70 kuchokera pansi.

Nkhani ya mayi wosamvayo ndiyo yofuna mtima. Chinenero chamanja cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha kuno, chomwe mu 2023 chinakhala chinenero cha boma cha nambala 12. Mukhoza kupeza womasulira kudzera ku bungwe la osamva la DeafSA, koma ngati mayiyo anaphunzira manja ku sukulu za osamva za ku Malawi, ku Mua kapena ku Mary View, awiriwo samvana msanga. Enanso anakulira kumudzi ndi zizindikiro zapakhomo basi. Ndiye mufunseni amayankhula ndi manja ati, ndipo ndani amene amamvana naye bwino. Mipando muiyale mozungulira kuti aziona nkhope ya aliyense. Mphunzitsi asayankhule akulemba pa bolodi, asaime kutsogolo kwa zenera poti nkhope imachita mdima, ndipo kukuwa n'kopanda phindu, kumangopotoza milomo. Magetsi akazima ena amapitiriza kumva, iye kalasi yamuthera pomwepo, choncho nyali yotchaja iziwalira pankhope ya mphunzitsi. Pa gulu lanu la WhatsApp, uthenga wamawu uzitsagana ndi chithunzi kapena mawu ochepa olemba.

Mnyamata wachialubino vuto lake ndi maso, osati mutu. Akhale kutsogolo, kutali ndi kuwala kwa pazenera, ndipo chipewa musamuvule. Mapepala ake musindikize ndi zilembo za Arial, saizi 18. Pa bolodi loyera lembani ndi cholembera chakuda chonenepa. Chofiira ndi chobiriwira sizioneka bwino. Muloleni ajambule bolodi ndi foni, akulitse yekha. Mukadzalandira wosaona konse, mafoni a Android ali ndi TalkBack yowerenga mokweza, pa kompyuta pali ina yotero yaulere ya NVDA, ndipo South African Library for the Blind ya ku Makhanda imabwereketsa mabuku a Braille ndi omvetsera.

FUNSO: Ndimaphunzitsa akuluakulu ku Mayfair. Wophunzira wina anagwa khunyu m'kalasi, anzake onse anathawira panja. Tsopano akuti akabweranso iwo asiya. Nditani?

YANKHO: Aphunzitsi, kambiranani kaye ndi mwini wakeyo, akalola muwafotokozere anzake kuti khunyu silipatsirana, kaya pomugwira kaya kudzera m'malovu. Likamugwira, chotsani mipando pafupi, pindani juzi muike kunsi kwa mutu, muyang'ane nthawi. Osamupanikiza, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamumwetsa madzi. Kuphupha kukatha mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ndipo wina akhale naye mpaka atatsitsimuka. Mufunseninso ngati amamwa mankhwala tsiku lililonse, chifukwa kudumphitsa mankhwala ndi kusagona mokwanira, monga zimachitikira ogwira ntchito ya usiku, kumadzutsa matendawa. Kuphuphako kukapitirira mphindi 5, kapena likamubwereza asanatsitsimuke, imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177 kuitana ambulansi.