Kwa mchemwali wofunsa zopita ku Canal Street usiku

Achemwali, mwati mwangofika kumene ku Manchester, simunatulukepo pagulu mutavala zachizimayi, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kukacheza usiku ndi atsikana anzathu a trans (ife amene tinalembedwa kuti amuna pobadwa koma timadzizindikira kuti ndife akazi) ku Canal Street, komanso kuti muvale chiyani. Ine ndikuti pitani, musazengereze. Koma ulendo woyamba musapite nokha. Ndipo choti muchiope kwambiri kwa ife ochokera kumudzi si zidakwa za mumsewu ayi, ndi mafoni a anthu omwe mwakhala nawo patebulo limodzi.

Malowo ndi osavuta kuwapeza. Mukatsika sitima pa Piccadilly, mumayenda pansi mphindi zochepa chabe mwafika. Msewuwo uli m'mbali mwa ngalande ya Rochdale Canal, ndipo mabala andanda mbali imodzi. Dera lonselo amalitchula kuti Gay Village. Atsikana ambiri sayamba ndi kudansi. Amayamba cha m'ma 7 kapena 8 koloko pamalo ophweka pomwe nyimbo sizikusokosa, monga ku Molly House pa Richmond Street, kudya kaye, kudziwana, kukonzana wigi. Kenako gulu limasuntha bala ndi bala, ku Via, ku New Union, mpaka usiku ukakhwima ambiri amakathera ku Bloom Street, komwe kuli Napoleons, malo akalekale omwe atsikana a trans akhala akupitako zaka zambiri. Inu simukakamizidwa kumaliza nawo ulendo wonse. Mukakhala maola awiri n'kubwerera kunyumba, palibe angakunyozeni.

Ngati mungathe, yambani tsiku la pakati pa sabata. Loweruka kumadzaza maphwando a akwati ndi anthu ongobwera kudzaonerera, ena amalankhula mosaganiza, ena amakugwira tsitsi osapempha. Mtima wa munthu amene akutuluka koyamba suyenera kuyamba ndi zimenezo.

Zovala musadzivutitse. Valani zomwe mungathe kukhala nazo pansi, kuyenda nazo, kupita nazo kuchimbudzi popanda wokuthandizani. Gogoda wamtali musiyeni kaye, kapena ikani nsapato zafulati m'chikwama, chifukwa pofika 1 koloko mapazi amakhala akulira. Jekete musaiwale, mvula ya kuno sichenjeza. Ndinaonapo mtsikana wina wa ku Zambia atavala diresi losokedwa ndi chitenje, duku lake atamanga bwinobwino, ndipo azungu ankachita kuimirira kumufunsa komwe anagula. Musaganize kuti kukhala mkazi kuno ndiye kuvala ngati mzungu.

Pakhomo mabaunsa akhoza kukufunsani chiphaso ngati mukuoneka wamng'ono, chifukwa mabala ambiri amafunsa aliyense wooneka wosakwana zaka 25. Ndikudziwa kuti apa mtima umagunda, poti pasipoti yathu ili ndi dzina lija ndi chithunzi chija. Ku Village anazolowera. Amayang'ana tsiku lobadwa, n'kukubwezerani. Wina akakuchitani chipongwe, funsani manijala, chifukwa lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kusala munthu kaamba koti ndi trans. Zoona, mu April 2025 khoti lalikulu la Supreme Court linagamula kuti mawu oti "mkazi" m'lamulo limeneli akunena za momwe munthu anabadwira, ndipo chichokereni pamenepo nkhani ya zimbudzi yavuta m'malo ena. Koma khoti lomwelo linanenanso kuti chitetezo cha anthu a trans ku tsankho chikadalipo. Mukakayika, funsani mnzanu amene amadziwa balalo, mupite awiri.

Tsopano za zithunzi, zomwe ndikufuna mumvetsetse. Atsikana a kuno amakonda kujambulana, ndipo sachita ndi mtima woipa. Kwa iwo ndi chisangalalo, m'mawa mwake zonse zili pa Facebook ndi Instagram. Sadziwa kuti chithunzi chimodzi chikhoza kuchoka ku Manchester Lachisanu usiku, pofika Lamlungu chili pa gulu la WhatsApp la kumpingo ku Ndirande, mayi anu akulozedwa zala. Amalawi kuno tilipo ambiri ndipo timadziwana, ena mumagwira nawo ntchito shifiti imodzi. Kumudzi malamulo sanasinthe. Ndime 153 ya Penal Code, yomwe amagwiritsa ntchito pomanga amuna ogonana okhaokha ndi atsikana a trans, ikadali ndi chilango chofika zaka 14. Jana Gonani, mtsikana mnzathu, anagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa ndimeyi ndi zinzake. Akuluakulu mukukumbukira momwe Tiwonge Chimbalanga, mtsikana wa trans, anamuonetsera m'manyuzipepala atamangidwa kaamba kochita chinkhoswe ndi mwamuna kumapeto kwa 2009, mpaka Bingu wa Mutharika anamukhululukira mu May 2010, koma kukhala mwamtendere kwawo kunakanika, anakathera ku South Africa. Choncho mukangokhala pansi, nenani poyera musanamwe kanthu: "Chonde ine musandijambule, kwathu n'zoopsa." Musachite manyazi. Foni ikakwezedwa, tembenukani kapena dzukani. Anthu abwino amamva kamodzi, ndipo amayamba okha kukutchingirani. Mabala ena amakhalanso ndi wojambula wawo woyendayenda, naye muuzeni chimodzimodzi.

Kuli amuna ena omwe amazungulira m'mabalamo kusaka atsikana a trans, makamaka ooneka achilendo ndi amantha. Ena ndi aulemu, ena ayi. Mowa wogulidwa ndi munthu wosamudziwa muzilandira nokha m'manja mwa wogulitsa, ndipo tambula yanu isakhale yokha patebulo. Munthu akakukakamirani, pitani pakauntala mufunse kuti "Angela alipo?" m'Chingerezi. Ndi chizindikiro chomwe mabala ambiri ku Britain amachidziwa, amakuchotsani pamalopo mwakachetechete. Lachisanu ndi Loweruka usiku mumsewumo mumayenda a Village Angels, anthu ongodzipereka a bungwe la LGBT Foundation, ovala zapinki. Foni ikathima, mnzanu akaledzera kwambiri, kapena mukangochita mantha, aimitseni.

Pobwerera ndiye pofunika nzeru, poti mavuto ambiri sachitikira mu Village, amachitikira panjira. Musatsikire kanjira ka m'mphepete mwa ngalande usiku, anthu akhala akumira m'madzi amenewo. Ma tram, sitima zoyenda m'misewu ya m'tauni, sayenda usiku wonse, ndiye sungani ndalama ya takisi padera, ndipo muone nambala ya galimoto musanakwere. Ngati komwe mukukhala kuli anthu omwe sakudziwani za izi, nyamulani juzi lalikulu ndi zopukutira kumaso, musinthe musananyamuke. Zikavuta imbani 999, nambala ya apolisi ndi ambulansi.

Ngati usiku ukukuopsanibe, yambani masana. Pafupi pomwepo pali kapaki kotchedwa Sackville Gardens, komwe kuli chiboliboli cha katswiri wa masamu Alan Turing atakhala pabenchi. Pamenepo chaka chilichonse nyengo yotentha pamachitika Sparkle, chikondwerero cha anthu a trans chomwe chinayamba mu 2005, ndipo kulowa ndi kwaulere. Mumapeza agogo a zaka 70 omwe ayamba kumene kutuluka, ena atabwera ndi akazi awo ndi ana awo.

Mukasankha tsiku, lembani m'gulu muno popanda kutchula komwe mumakhala kapena komwe mumagwira ntchito. Ma admin akulumikizani ndi mmodzi wa ife amene amamudziwa bwino, adzakuchingamireni pa Piccadilly mudzalowere limodzi.