Mawu ndi anu, nkhope ndi ya wina

Imelo imene yandipeza sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene amaimba m'gulu la nyimbo zauzimu. Ku situdiyo nyimbo yonse anatsogolera ndi iye, koma tsiku lojambula vidiyo anamuimika mzere wakumbuyo, ndipo amene akugwedeza milomo kutsogolo ndi mdzukulu wa mkulu wa gululo. Akuti anaonera filimu yakale ija ya ku America, Singin' in the Rain, mmene amakoka katani kuti anthu aone woimba weniweni. Funso lake ndi lakuti, kodi nayenso akoke katani yake pa Facebook?

Achemwali, mwandikhudza pachilonda, ndiye mupirire, ndiyenda mozungulira.

Nditangomaliza sekondale ndinalowa gulu lina la zisudzo m'tauni. Kusewera sindinkatha, mawu anga ndi otsika ndipo ndikaona anthu miyendo imanjenjemera. Chimene ndinkatha ndi kulemba. Ndinalemba sewero lonse pamanja, m'kope lachikuto cholimba, usiku ena atagona. Linali la mkamwini amene akunamizira kuti amagwira ntchito ku banki chonsecho amagulitsa makala. Mtsogoleri wa gulu analitenga kuti akalitayipe. Litabwera, patsamba loyamba panali dzina lake, ndipo pansi pake panalembedwa kuti wolemba ndi wotsogolera ndi yemweyo.

Tsiku loonetsa seweroli mu holo, ine anandiika pakhomo kuti ndizidula matikiti. Ndinkamva kuseka kwa anthu kudutsa pachitseko, ndipo nthabwala iliyonse ndinkaidziwa isanatuluke mkamwa mwa wosewera. Mayi anga anabwera atavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi, atauza kale anzawo onse a kumpingo kuti mwana wawo walemba sewero. Woyendetsa mwambo anaitana "wolemba" kuti akwere pansanja, anthu anaomba m'manja, ena mpaka nthungululu. Tili panjira yobwerera mayi anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga iwe sanakutchule bwanji?" Ndinawayankha zimene anandiuza mtsogoleri uja, zakuti dzina lodziwika ndi limene limakoka anthu ndipo nthawi yanga idzakwana. Mayi anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo." Sanayankhulenso za nkhaniyo mpaka tinafika kunyumba. Seweroli linayenda m'maboma angapo, ndipo ine ndinkalandira ya sopo ngati wina aliyense wonyamula katundu.

Ndiye filimu mukunenayi ndimaikonda, koma ndimaikonda ndi kamkwiyo.

Kwa amene sanaionere: inatuluka mu 1952 ku kampani ya MGM, ndipo anaitsogolera ndi Gene Kelly ndi Stanley Donen. Nkhani yake imachitika mu 1927, chaka chimene kampani ya Warner Bros. inatulutsa The Jazz Singer, filimu imene inasonyeza Hollywood kuti nthawi ya mafilimu opanda mawu yatha. Gene Kelly akusewera ngati Don Lockwood, katswiri wa mafilimu osayankhula. Mnzake wa pakanema ndi Lina Lamont, wokongola kwabasi koma mawu ake ndi opyapyala, obaya m'khutu. Pamene nkhope yokha inkagulitsa, Lina anali mfumukazi. Maikolofoni itabwera, zinthu zinavuta: aibisa m'tchire la maluwa, sakumveka, aisokera pachovala, ikutola kugunda kwa mtima, bwana wa kampani akoka chingwe chake mosadziwa, Lina chagada! Tsono agwirizana zoti filimu yawo yolephereka aisandutse ya nyimbo, ndipo Cosmo Brown, mnzake wa Don, akubwera ndi nzeru yoti Lina azingogwedeza milomo, mawu azikhala a Kathy Selden, mtsikana wosadziwika amene akuseweredwa ndi Debbie Reynolds.

Mpaka apa nkhani ndi yanu ndendende. Koma mvetserani zimene zinkachitika kuseri kwa kamera. Pa nyimbo ya "Would You?", pamene tikuona Debbie Reynolds akuimbira Lina, mawu tikumvawo si a Debbie Reynolds. Ndi a mayi wina dzina lake Betty Noyes, ndipo dzina lake silinalembedwe pafilimuyo. Mayi yemweyu ndi amene anaimba nyimbo yotonthoza mwana ija mu Dumbo ya 1941, kumenekonso osatchulidwa. Komanso pali malo pamene Kathy akuoneka akulowetsa mawu oyankhula m'malo mwa Lina, mawu ofatsa, akuya bwino. Mawu amenewo ndi a Jean Hagen, yemwe uja akusewera Lina. Mawu ake enieni anali okoma, opyapyala aja ankachita kuwapanga. Ndiye taganizani: Jean Hagen akuyankhulira Debbie Reynolds amene akunamizira kuyankhulira Jean Hagen. Filimu imene ikudzudzula kubisa mwini mawu inabisa mwini mawu, ndipo inatero mosaphethira.

Ndipo sizinathere pamawu pokha. Arthur Freed, bwana amene anapanga filimuyi, anali wolemba nyimbo kale, ndipo chimene ankafuna n'chakuti nyimbo zake zakale zimene analemba ndi Nacio Herb Brown zipeze nyumba yatsopano. Nyimbo ya mvula ija, imene filimuyi inatengerako dzina, inali itamveka kale m'filimu ya 1929. Betty Comden ndi Adolph Green anapatsidwa mulu wa nyimbo n'kuuzidwa kuti asoke nkhani mozungulira, ndipo ndi iwo anaona kuti nyimbo za nthawi imeneyo zikuyenera nkhani ya nthawi yomweyo. Panafunika nyimbo yatsopano ya Donald O'Connor, amene akusewera Cosmo, ndiye panabwera "Make 'Em Laugh", ija amathamanga pakhoma n'kudzigwetsa pansi ngati alibe mafupa. Mukaimvera pambali pa "Be a Clown" ya wopeka nyimbo Cole Porter, ya m'filimu ya The Pirate ya 1948, simufunika kukhala mphunzitsi wa nyimbo kuti muone kuti ndi pachibale. The Pirate anaipanganso ndi Freed yemweyo. Cole Porter sanapite kukhoti, koma iye anali kale wolemera ndi wotchuka, kukhala chete sikunamuchotsere kanthu. Inu ndi ine kukhala chete kumatidyera.

Debbie Reynolds mwiniwake sanadye zofewa. Anali ndi zaka 19, sanali wovina wophunzira, ndipo anamuika pakati pa amuna awiri amene anakulira m'kuvina. Atamaliza kujambula nyimbo ya "Good Morning" mapazi ake ankatuluka magazi. Katswiri wovina Fred Astaire anamupeza akulira pansi pa piyano n'kumulimbitsa mtima. Kelly nayenso anavina m'mvula muja thupi likutentha. Sindikunena kuti anthuwa sanagwire ntchito, anaigwira mpaka thukuta. Kungoti thukuta la ena linalembedwa pakanema, la ena ayi.

Pamenepa ndimawapatsa ulemu anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa, aja timawamva m'mavidiyo shoo. Mnyamata amayankhulira aliyense, msilikali, nkhalamba, ngakhale mkazi, koma pakangopita mphindi zochepa amadzitchula dzina kuti musaiwale amene akukusangalatsani. Ena amati n'kusokosa. Ine ndimati anyamatawa anazindikira msanga chimene Betty Noyes sanaloledwe kuchita.

Za katani ija

Mapeto a filimuyi ndi amene akunyengani, achemwali, ndipo ndikamaganizira kwambiri ndimaona kuti ndi bodza lokoma. Onaninso bwino. Kathy sakoka katani. Iye wakakamizidwa kuima kuseri kwa katani n'kumaimba, Lina akugwedeza milomo pamaso pa anthu, mtima ukumuwawa, ataona ngati Don wamugulitsa. Amene akukoka chingwe ndi amuna atatu: Don, Cosmo ndi R.F. Simpson, mwini kampani. Anthu akuseka Lina osati chifukwa chakuti wina wawauza, koma chifukwa aona ndi maso awo, ndipo amene awaonetsa ndi eni ake filimu. Kathy akuthawa akulira, Don n'kuuza anthu kuti amugwire, ndiye katswiri weniweni. Chilungamo chake chabwera ngati mphatso yochokera kwa mwamuna wotchuka amene amamukonda. Chotsanipo chikondicho, Kathy akanaimbira Lina mpaka ukalamba.

Inu mukalemba pa Facebook mulibe Don, mulibe mwini kampani kumbali yanu. Muli nokha ndi foni. Mdzukulu uja ali ndi nkhope imene anthu aizolowera kale, ali ndi amalume ake, ali ndi mpingo. Pofika madzulo nkhani idzakhala yakuti mtsikana wa nsanje akufuna kugwetsa utumiki, ndipo padzapezeka wina wokukumbutsani kuti timaimbira Mulungu osati dzina. Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri, chifukwa amene amawanena dzina lake limakhala lili kale pachikuto.

Ndipo ndinene chinthu chimene okonda filimuyi sangandikhululukire: munthu wanzeru m'nkhani yonseyi ndi Lina Lamont. Inde ndi wankhanza, koma ndi yekhayo amene anatenga kontirakiti yake n'kupita nayo kwa loya. Bwana atafuna kulemba dzina la Kathy pafilimu, Lina anatulutsa pepala n'kumuopseza kuti amusumira, bwana n'kugwa mphwayi. Kathy anali ndi luso ndi malonjezo. Lina anali ndi siginecha. Jean Hagen anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo m'gulu lonse la osewera anali yekhayo.

M'moyo weniweni amene anadzimenyera nkhondo ndi Marni Nixon. Iye anaimbira Deborah Kerr mu The King and I ya 1956, Natalie Wood mu West Side Story ya 1961, ndi Audrey Hepburn mu My Fair Lady ya 1964, konseko dzina lake osaoneka pakanema. Pa West Side Story anaumirira kuti alandireko gawo la ndalama za malonda a chimbale, mpaka Leonard Bernstein, wopeka nyimbo zake, anamupatulira kachigawo kuchokera pa zake. Sanadikire munthu womukokera katani. Anapempha chinthu chowerengeka, kwa anthu amene akanatha kuchipereka, ndipo pambuyo pake dziko linamudziwa.

Tsono inu chitani izi. Musalembe kanthu pa Facebook pakadali pano. Pitani kwa amene anajambula nyimboyo ku situdiyo, mupemphe kope ya mawu anu okha opanda zing'wenyeng'wenye, ndipo musunge mauthenga onse a pa WhatsApp okhudza tsiku limenelo. Kenako kaonaneni ndi mkulu wa gulu, mupemphe zinthu ziwiri zomveka: dzina lanu lilembedwe pavidiyo ndi paliponse pamene nyimboyo yaikidwa, komanso pakhale pepala losainirana la gawo lanu nyimboyo ikayamba kubweretsa ndalama. Lamulo la Copyright la 2016 limazindikira woimba, osati wopeka nyimbo yekha, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, angakufotokozereni mmene mungalembetsere. Akakana zonse, musaimbenso nyimbo ina m'gululo popanda pepala, ngakhale atakunyengererani bwanji. Pokakumana ndi mkuluyo musapite nokha, tengani azakhali kapena munthu wina wamkulu amene iye amamuchitira manyazi.