Kompyuta ikangozima yokha, musathamangire kuifomata

Mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta wandilembera kuti kompyuta yawo imangozima kapena kuuma popanda chifukwa. Aifomatitsa kale koma palibe chasintha. Mayi, funso lanuli landidzutsira mkwiyo wakale.

Ine ndinali ndi desktop yogula kwa munthu. M'mawa inkayenda bwinobwino, koma dzuwa la Okutobala likangofika pamutu, phi! yazima. Mnyamata wina wokonza makompyuta sanatsegule n'komwe, anangoti "bwana, ndi vairasi", n'kufomata, ine n'kulipira. Mawa lake yazimanso. Nditamasula chitsulo cham'mbali ndinapeza fumbi litaundana pa heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa, ubongo wa kompyuta) ngati thonje, fan ikuzungulira movutikira, ndipo thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink) itauma gwa. Purosesa ikatentha kufika cha m'ma digiri 100 imazimitsa makina dala kuti isapse. Vairasi analowa pati pamenepa?

Ndinene mosapsatira: kufomata kompyuta usanaitsegule ndi ulesi. Windows yatsopano siichotsa fumbi, siikonza RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito) yakufa. Ena amatero chifukwa n'zachangu ndipo ndalama imalowa pompo, kasitomala n'kutaya mafayilo ake ulele.

Komanso magetsi athuwa. Akabwera mwamphamvu atazima, chimene chimavulala kawirikawiri ndi power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Nthawi zambiri siifa kamodzi, imayamba kufooka, kompyuta n'kumazima mukaipatsa ntchito yolemera. Ma extension otchipa olembedwa "surge protector" aja ine sindiwakhulupirira. Gulani UPS (bokosi la batire lopatsa kompyuta moto magetsi akazima), ngakhale yaing'ono. Ndipo mukatsegula, yang'anani ma capacitor (timigolo ting'onoting'ono) pa motherboard, bolodi lalikulu la m'katimo: pamwamba pake pazikhala pathyathyathya, akatupa ndiye kuti atha.

Tsono mutani, mayi?

Koperani kaye mafayilo a makasitomala pa flash. Zulani pulagi, pemererani fumbi, kenako yatsaninso kompyuta muone kutentha ndi pulogalamu ya HWMonitor. Yesani RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse. Ikaonetsa zolakwika, ngati muli ndi ma RAM awiri chotsani imodzi n'kuyesa inayo payokha. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo ikuuzani ngati hard disk ikudwala. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, mukaona Kernel-Power 41 musadzidzimuke, ikungonena kuti makina anazima mosayenera, siikutchula wolakwa. Zonsezi zikakhala bwino, bwerekani power supply ina muyesere musanagule yatsopano.