Za seti yachitatu mu ligi ya tenisi ya awiriawiri

Achimwene, mwafunsa ngati mu ligi yanu muzisewera seti (chigawo cha masewero) yachitatu yonse mbali iliyonse ikapambana seti imodzi. Musasewere seti yachitatu yonse ayi. Lembani m'malamulo a ligi yanu kuti maseti akakhala 1-1, masewero azitha ndi tie-break ya mapointi 10 (gemu yachidule yopezera opambana, yolimbirana kufika pa mapointi 10), ndipo opambana azitsogola ndi mapointi 2. Malamulo a ITF, bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, amalola zimenezi. Kuno ku Dedza, mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa msanga, nkhungu nayo imatsika kuphiri, moti ife chaka chatha tinasiyira panjira masewero angapo chifukwa mpira sunkaonekanso, ndipo kupeza tsiku lina loti anthu anayi onse akhale ndi mpata kunativuta kwambiri. Mu tie-break imeneyi muzikumbukiranso kusinthana mbali za bwalo pakatha mapointi 6 alionse. Koma ngati zotsatira zanu zidzawerengedwe pa mpikisano wadziko, funsani kaye woyimbira wovomerezeka musanasainirane malamulowo.