Kwa aphunzitsi a ku Santhe amene akufuna PhD ya uphungu

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa CDSS ina kufupi ndi Santhe, kuno ku Kasungu. Ali ndi digiri ya psychology ndipo pasukulupo ndi iwo amene ana amathamangirako zinthu zikavuta: mtsikana amene watenga mimba, mnyamata amene bambo ake adzipha chifukwa cha ngongole ya fodya. Akuti afika poona kuti mtima wabwino wokha sukukwanira. Funso lawo ndi lakuti, kodi achite PhD kuti akhale counselling psychologist, ndipo ayambire pati?

Aphunzitsi, pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: dzina la udokotala, ndi chilolezo chokhala pansi ndi munthu wovutika maganizo n'kumamuthandiza ngati katswiri. PhD zambiri ndi za kafukufuku basi. Mutha kutha zaka zinayi mukufufuza za kudzipha pakati pa alimi a fodya, n'kulemba buku lonenepa, koma osaphunzitsidwa ngakhale tsiku limodzi momwe mungalankhulire ndi mlimi amene wachokera ku msika wa fodya wa Chinkhoma atagwira pepala losonyeza kuti ndalama zonse zapita ku ngongole. Kafukufukuyo ndi wofunika, sindikumunyoza. Koma mmene ndawerengera kalata yanu, si zimene mukufuna.

Maphunziro a ukatswiriwu amasiyana malinga ndi dziko. Ku America njira yake ndi udokotala ndithu, PhD kapena PsyD (udokotala wotsindika pa kuthandiza anthu kuposa kafukufuku), pa pulogalamu yovomerezedwa ndi American Psychological Association. Zimatenga zaka 5 mpaka 7, kuphatikizapo chaka chathunthu cha internship, yomwe ndi kugwira ntchitoyo moyang'aniridwa, kenako mayeso a ukatswiri otchedwa EPPP kuti boma la dera limene mukukhala likupatseni laisensi. Ubwino wake ndi wakuti mapulogalamu ambiri a PhD amakuchotserani fizi n'kumakupatsani kandalama ka mwezi mukamathandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. PsyD nthawi zambiri mumalipira nokha, ndiye pa malipiro a mphunzitsi ingoiwalani.

Ku Britain ndi zaka zitatu, pa pulogalamu yovomerezedwa ndi British Psychological Society, ndipo mukamaliza mumalembetsa ku HCPC, bungwe lopereka chilolezo kwa akatswiri a zaumoyo. Amafuna maola osachepera 450 mukuonana ndi anthu moyang'aniridwa. Vuto ndi ndalama. Amene amaphunzira clinical psychology kumeneko amalipiriridwa ndi NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, pamene a counselling psychology ambiri amadzilipirira, ndipo mlendo amalipira zochuluka kuposa nzika.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana ku Joni. Ku South Africa safuna udokotala kuti munthu akhale counselling psychologist. Amafuna honours (chaka chowonjezera pa digiri yoyamba), kenako masitazi ya ukatswiriwu, internship ya miyezi 12, ndi mayeso a HPCSA, bungwe lopereka chilolezo kwa akatswiri a zaumoyo kumeneko. Mayunivesite ngati Rhodes, Wits ndi KwaZulu-Natal amaphunzitsa zimenezi. Malo ndi ochepa kwambiri, amasankha atakuitanani kukakufunsani maso ndi maso, ndipo digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro. Muwafunsenso msanga ngati mlendo amapatsidwa malo a internship, chifukwa popanda imeneyo masitaziyo ndi yoperewera. Koma ndi pafupi, basi imafika, ndipo mavuto amene mukakumane nawo kumeneko, a ulova, a HIV, a nkhanza za m'banja, ndi omwe mwawasiya kuno. PhD mudzaichita pambuyo ngati mtima wofuna kuphunzitsa pa yunivesite udzakhalepobe.

Tsono ndikuuzeni zimene zimachitika mkati mwa maphunzirowo, poti mabulosha sanena. Mumajambula mawu a zokambirana zanu ndi munthu, iye atavomera, n'kukamvetsera limodzi ndi wokuyang'anirani. Amaimitsa pakati n'kufunsa kuti, “Apa mayiyu anakhala chete, inu munathamangira kumuuza kuti alimbe mtima. Munaopa chiyani?” Kwa ife amene tinakulira m'manja mwa ankhoswe ndi anankungwi, apa ndi pamene pamawawa. Tinazolowera kuti wamkulu amalankhula, wamng'ono amamvera. Mphunzitsi ndiye kwambiri, choko chili m'magazi. Ntchito iyi imafuna kuti muphunzire kudikira, kufunsa, ndi kusiya munthu apeze yekha mawu a chimene chikumudya. Zili ngati kusankha magiredi a fodya m'chigafa: buku lingakuuzeni mayina ake, koma dzanja limaphunzira mutakhala pambali pa wodziwa, iye akubweza tsamba limene mwaika polakwika. Ku Britain amafunanso kuti inuyo mukhale pa mpando winawo, muzikaonana ndi katswiri za moyo wanu. Ena zimawadabwitsa, koma ine ndimaona kuti n'zoyenera. Munthu amene sanalirepo maliro a mayi ake bwinobwino adzasokonezeka tsiku limene mwana wamasiye adzakhale patsogolo pake.

Musadikire sikolashipu kuti muyambe. Sukulu ya ukachenjede ya Saint John of God ku Mzuzu imaphunzitsa psychosocial counselling, ndipo kuchokera ku Kasungu ndi ulendo wa tsiku limodzi pa M1. Pitaninso ku chipatala cha boma pa boma la Kasungu mukadziwane ndi amene amaona za matenda a maganizo, kuti mwana amene akunena zodzipha muzidziwa komutumiza, osamusunga nokha mu stafu rumu. Osankha ophunzira amafunsa zimenezi: mwathandizapo ndani, ndipo ankakuyang'anirani ndani? Zaka zanu pa CDSS zili ndi mtengo mukazilemba bwino, popanda kutchula dzina la mwana aliyense.

Pa za ndalama, yang'anani Commonwealth, Fulbright ndi Beit Trust, koma muwerenge bwino chifukwa si sikolashipu iliyonse imene imalipira maphunziro okhala ndi internship. Ndipo musanalipire ngakhale fomu, lemberani a Medical Council of Malawi ku Lilongwe, muwatchulire dzina la pulogalamuyo ndi yunivesite yake, muwafunse ngati adzakulembetseni mukabwerako. Yankho lawo likhale la pa pepala.