Kuchoka pa Sienta kupita pa lole ya magiya

M'bale wina wa ku Salima wandilembera imelo. Akuti wakhala akuyendetsa Sienta yosintha yokha magiya pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ndipo tsopano akuphunzira lole ya amalume ake yonyamula mpunga ndi chimanga. Lole imangomuzimira akamanyamuka, magiya nawo amakhuluza akamasintha. Funso lake ndi lakuti, kodi mwendo wakumanzerewu, woponda kilachi posintha magiya, udzazolowera?

Udzazolowera ndithu, achimwene. Lole ikuzima chifukwa mukuchotsa phazi pa kilachi mothamanga. Ikakhala ndi katundu, nyamukani ndi giya 1. Kwezani phazi pang'onopang'ono mpaka mumve injini yatsitsa mawu ndipo galimoto yayamba kunjenjemera ngati ng'ombe yomva goli pakhosi. Pamenepo gwirani phazi lisasunthe, masulani handibuleki, pondani mafuta pang'ono. Injini ya dizilo ili ndi mphamvu ngakhale ikulira motsika, sifunika kuikalipitsa. Ikayenda, phazi lichokeretu pa kilachi. Mukalisiya pomwepo mudzamva fungo lopsa, ndiye kuti ndalama za amalume zikupita kugalaja.

Kukhuluza kwa magiya kumabwera ngati kilachi simunaiponde mpaka pansi, kapena bokosi la magiya latopa. Pa lole yakale pondani kawiri: pondani, ikani pa nyutulo, masulani, pondaninso, lowetsani giya. Ngati mukutsitsa giya, pondani mafuta pang'ono muli pa nyutulopo.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine n'china. Salima ndi chigwa. Munthu atha kuyenda pa M5 kupita ku Nkhotakota n'kumadziona kuti watha ntchito, pamene sanakumanepo ndi mtsetse weniweni. Tsiku lina adzakutumani ku Lilongwe, ndipo pobwerera pa M14 mudzatsika mapiri a ku Mvera muli ndi matumba a feteleza kumbuyo. Giya imasankhidwa mtsetse usanayambe, osati pakati pake. Imene mungakwerere nayo phiri, tsikani nayonso yomweyo, ndipo ngati lole ili ndi exhaust brake (buleki yochepetsa liwiro potsekereza utsi wa injini), itseguleni kuti injini izikugwirirani. Alipo madalaivala amene amaika pa nyutulo potsika kuti asunge dizilo. Chonde musawatsanzire. Mabuleki akatentha sagwiranso, ndipo liwiro likakula giya imakana kulowa. Nthawi imeneyo kumunsi kuli akabaza, kuli amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Ngati mabuleki ake ndi a mpweya, m'mawa musanyamuke kabelu kochenjeza kasanasiye kulira ndi singano ya mpweya isanakwere. Kupondaponda buleki kumatha mpweyawo.

Za laisensi: ya Code B imene mumayendetsera Sienta siikulolani kukhala pa lole. Galimoto yololedwa kulemera, pamodzi ndi katundu wake, kuposa makilogalamu 3,500 mpaka 16,000 imafuna C1, yoposa apo imafuna C. Amalume akuphunzitseni pabwalo, koma kalembetseni kusukulu yoyendetsa galimoto ndipo mukayesedwe ku Road Traffic. Mukadzayamba kuyenda ulendo wa ku Mvera uja, maulendo oyambawo pampando wakumanzere pakhale dalaivala wodziwa msewuwo, azikuuzani potsitsa giya.